Kuwerengera ma ohms ndi ma watts pa magetsi a m'nyumba ndi a sola

Mukadziwa manambala awiri pa chipangizo cha magetsi, ma volts amene chikulandira ndi ma amps amene chikukoka, ena onse mutha kuwapeza ndi kakyuleta ya pa foni. Mukagawa mupeza resistance, mukachulukitsa mupeza ma watts. Masamu ake ndi a ku pulayimale. Ntchito yaikulu ili pa kupeza manambala awiriwo osavulala, ndiponso kuzindikira nthawi imene yankho la kakyuleta likukusocheretsani.

Tiyambe ndi mawu anayi amene tikhale tikuwatchula. Ganizirani thanki ya madzi ili pamwamba, paipi yatsika kukafika pa mpopi. Kukankha kwa madziwo ndiye voltage, imayezedwa mu ma volts ndipo chilembo chake ndi V. Kuchuluka kwa madzi odutsa m'paipi pa sekondi ndiye current, imayezedwa mu ma amps, chilembo chake ndi I. Kuthina kwa paipi, kumene kumabweza madzi kuti asadutse ambiri, ndiye resistance, ya ma ohms, chilembo chake R. Chachinayi ndi mphamvu imene chipangizo chikudya pogwira ntchito, ma watts, chilembo chake P.

Ubale wa zitatu zoyambazo anaufotokoza Georg Simon Ohm, mphunzitsi wa masamu wa ku Germany, m'chaka cha 1827, ndipo n'chifukwa chake lamuloli limatchedwa dzina lake. Zofunika kuloweza ndi mizere iwiri iyi basi:

R = V ÷ I
P = V × I

Zina zonse zimene mudzaone m'mabuku, monga P = I × I × R kapena P = V × V ÷ R, zatuluka mu iwiri yomweyi.

Pezani ma volts

Apa sipavuta. Magetsi a m'nyumba ku Malawi ndi ku Zambia ndi a ma volts 230, ndipo ngati mukungofuna chithunzithunzi, nambala imeneyo ikwanira. Batire ya sola kapena ya galimoto imalembedwa 12, koma ikadzaza n'kupumula imaonetsa 12.6 kapena 12.7, ndipo ikamatchajidwa imakwera kufika cha m'ma 14.4. Kusiyana kumeneku kudzatipeza kutsogoloku.

Ngati muli ndi multimeter, kamita ka m'manja koyezera ma volts, ma amps ndi ma ohms, lowetsani chingwe chakuda pa bowo lolembedwa COM, chofiira pa bowo la V. Pa soketi ya m'nyumba tembenuzani kachozungulira kaloze pa V ya kamzere kopindapinda, pa 600 kapena 750. Pa batire kaloze pa V ya mzere woongoka, pa 20. Mukatero gwiritsani nsonga ziwirizo mbali ziwiri za chimene mukuyeza, osadula waya aliyense. Yezani chipangizo chili choyaka, chifukwa voltage imatsika katundu akalumikizidwa, ndipo imene tikufuna ndi ya pa ntchito.

Pezani ma amps

Pano ndi pamene anthu amaotchera mamita awo, ndiye tichedwepo.

Njira yosavuta ndi kutembenuza chipangizo n'kuwerenga kachikwangwani ka pansi kapena kumbuyo. Tchaja ya foni imalemba, mwachitsanzo, 5V 2A. Zipangizo zotenthetsa nthawi zambiri zimalemba ma watts m'malo mwa ma amps, ndiye mumangotembenuza mzere wachiwiri uja: I = P ÷ V. Ketulo ya 2200W pa ma volts 230 imakoka 2200 ÷ 230, amene ndi ma amps 9.6.

Mukafuna kuyeza nokha, pa magetsi a m'nyumba gwiritsani ntchito clamp meter, mita ya chibwano chotsegula ija. Chibwanocho chizungulire waya mmodzi yekha, wa live, amene pa zingwe zatsopano ndi wa bulawuni ndipo pa mawaya akale a m'khoma ndi wofiira. Mukazunguliza chingwe chonse, live wobweretsa magetsi ndi neutral wowabweza pamodzi, mita ionetsa ziro ngakhale ketulo ikuwira, chifukwa current yopita ndi yobwerera zimafafanizana. Amisiri ambiri amakhala ndi kachingwe kakafupi ka pulagi uku soketi uku, kamene anakasenda chikopa chakunja chokha kuti mawaya atatu aja apatukane, aliyense akadali m'chikopa chake. Kameneko kamapulumutsa nthawi. Dziwaninso kuti clamp meter zambiri zotsika mtengo zimayeza AC yokha, amene ndi magetsi a m'nyumba. Pa waya wa batire sizionetsa kanthu pokhapokha zitalembedwa kuti zimayezanso DC, magetsi a batire.

Pa batire ya 12 mutha kugwiritsa ntchito multimeter wamba, koma kalumikizidwe kake n'kosiyana ndi ka ma volts. Zimitsani, masulani waya mmodzi, ndipo mita ilowe pakati pa malo mwamasulawo kuti magetsi onse adutse mkati mwake. Chingwe chofiira chisamukire pa bowo la 10A. Mukamaliza, chibwezereni pa bowo la V nthawi yomweyo, musanachite china chilichonse. Mita ikakhala pa ma amps mkati mwake mumakhala ngati waya wongodutsa, ndiye mukaiwala n'kukaigwiritsa pa soketi kapena pa mitu iwiri ya batire, mwapanga shoti ndi manja anu. Mwayi ukakhalapo imapsa fyuzi ya mkati. Mamita ena otchipa alibe fyuzi pa bowo la 10A, ndipo pamenepo zimapsa ndi zingwe, nthawi zina ndi zala zomwe.

Kulowetsa multimeter pakati pa waya wa 230 musayese ngati simunaphunzire ntchitoyi. Lamulo la Ohm lomweli likuuzani chifukwa chake. Thupi la munthu wonyowa m'manja, ataponda pansi opanda nsapato, likhoza kukhala ndi resistance ya ma ohms pafupifupi 1000. Gawani 230 ndi 1000, mupeza 0.23 A. Chikhalirecho ma breaker oteteza moyo wa munthu amapangidwa kuti adule magetsi pa 0.03 A.

Sinthani mayina a manambala asanalowe mu kakyuleta

Mizere iwiri ija imafuna ma volts, ma amps, ma ohms ndi ma watts enieni. Mukaona mA gawani ndi 1000, kotero 20mA ndi 0.02 A. Mukaona kW kapena kΩ (Ω ndi chizindikiro cha ma ohms) chulukitsani ndi 1000. Yankho likatuluka lodabwitsa, monga babu ya LED yodya ma watts 4000, bwererani pano.

Werengerani tsopano

Titenge hotplate ya mbale imodzi, yoyatsidwa pa nambala yotsiriza. Tinene kuti multimeter yaonetsa ma volts 228 ndipo clamp meter yaonetsa ma amps 4.3.

R = 228 ÷ 4.3 = ma ohms 53
P = 228 × 4.3 = ma watts 980

Ndiye kuti ndi mbale ya 1000W, ndipo ili bwinobwino. Mwa manambala anayiwa, wosasinthasintha ndi 53 uja, chifukwa ndi wa element yeniyeniyo, chitsulo chotenthetsa chija, kutalika ndi kunenepa kwa waya wa mkati mwake. Ma watts amatsata voltage imene yafika tsiku limenelo. Anthu ambiri amaganiza kuti cholembedwa 1000W chimatulutsa 1000 nthawi zonse, pamene nambalayo imangonena zimene chidzachite chikalandira ma volts amene chinapangidwira.

Onani zimene zimachitika madzulo m'madera amene transformer imodzi yanyamula nyumba zambiri, aliyense akuphika, voltage n'kutsika kufika pa 200. Current ikhala 200 ÷ 53, amene ndi ma amps 3.8, ndipo mphamvu ikhala pafupifupi ma watts 755. Voltage yatsika ndi 30 yokha kuchoka pa 230, koma gawo limodzi mwa magawo anayi a moto lapita, chifukwa ma volts akatsika ma amps amatsika nawo, ndipo awiriwo tikuwachulukitsa. Madzi a nsima akamachedwa kuwira nthawi ya 6 koloko madzulo, yezani kaye soketi musanaweruze hotplate kuti yatha.

Kuchoka pa ma watts kufika pa mayunitsi a mita ya ESCOM ndi sitepe imodzi. Yunitsi imodzi ndi ma watts 1000 ogwira ntchito ola lathunthu. Hotplate yathu ikamayaka maola awiri pa tsiku, 980 × 2 ÷ 1000 ndi mayunitsi 1.96, pa masiku 30 pafupifupi 59. Babu ya LED ya 9W yoyaka maola 6 usiku uliwonse imatha mayunitsi 1.6 mwezi wonse. Bambo amene amakalipira ana chifukwa cha babu ya pakhonde, geyser ili chiyakire usana ndi usiku, ayenera kuwerengera kaye. Kuti mudziwe ndalama, gawani zimene munalipira ndi mayunitsi amene munalandira pa token yomaliza, mupeza mtengo wa yunitsi imodzi pamodzi ndi misonkho.

Fyuzi ndi extension

Pulagi ya mano atatu amakona imene timagwiritsa ntchito imakhala ndi fyuzi mkati, ndipo yaikulu kwambiri ndi ya 13A, ya bulawuni. Chulukitsani 13 ndi 230, mupeza ma watts 2990. Amenewo ndiye malire a pulagi imodzi, ndiponso a extension yonse, kaya ili ndi mabowo anayi kaya asanu ndi limodzi. Ketulo ya 2200W ndi ayironi ya 1200W pamodzi ndi 3400, kugawa ndi 230 ndi ma amps 14.8. Zadutsa kale. Fyuzi siiduka pompo ikapyoledwa pang'ono chonchi, imapirira kanthawi, ndipo m'kanthawi kameneko chingwe ndi mabowo zimakhala zikutentha. Extension zambiri za pamsika zilibe ndi fyuzi yomwe ndipo mawaya ake ndi oonda kuposa zimene zalembedwa pa katoni. Fungo la pulasitiki wopsa ndi chikasu chozungulira bowo la soketi zimachokera pamenepa.

Za kumanga fyuzi yoduka ndi kawaya kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya, mukatero mwachotsa chinthu chokhacho chimene chinaikidwa kuti chipse m'malo mwa nyumba. TV, wailesi ndi nyale zimakwana pa fyuzi yofiira ya 3A, imene imanyamula mpaka ma watts 690.

Sola, kumene masamuwa amafunika koposa

Ambiri amapeputsa batire ya 12 chifukwa siigwira munthu. N'zoona, siikugwedezani mukaikhudza. Koma P = V × I ikunena kuti ma volts akachepa, ma amps ayenera kuchuluka kuti ma watts akhale omwewo, ndipo chimene chimatenthetsa waya ndi ma amps.

Tinene kuti inverter yanu, chipangizo chosandutsa magetsi a batire kukhala a 230, yanyamula katundu wa ma watts 300: TV, decoder, mababu ndi laputopu. Mbali ya 230 current ndi 300 ÷ 230, ma amps 1.3 okha. Mbali ya batire ndi 300 ÷ 12, ma amps 25, ndipo poti inverter nayo imadyako pang'ono, yembekezani 28 kapena kuposerapo. Tigwiritse ntchito 25 kuti masamu aphweke.

Tsopano waya. Waya wa kopa ali ndi resistance yake, yaing'ono koma ilipo, ndipo imapezeka chonchi: 0.0175 kuchulukitsa ndi kutalika mu mamita, kugawa ndi kunenepa mu mm². Powerenga kutalika musaiwale kuti magetsi amapita n'kubwerera, ndiye batire ikakhala mamita 5 kuchoka pa inverter, waya ndi mamita 10. Munthu akatenga waya wa 1.5 wotsala poika mababu m'nyumba:

R = 0.0175 × 10 ÷ 1.5 = ma ohms 0.117

Nambala yooneka yopanda ntchito. Ichulukitseni ndi ma amps 25, mupeza kuti ma volts 2.9 athera m'njira. Batire ili pa 12.4, inverter ikulandira 9.5, ndipo iyamba kulira kuti batire yatha pamene batire ili ndi moto. Chulukitsaninso 2.9 ndi 25: ma watts 73 akusanduka kutentha mkati mwa wayayo, mwina atadutsa kuseri kwa sofa kapena pansi pa kapeti. Waya yemweyo, mamita omwewo, mbali ya 230 pa ma amps 1.3 amataya ma volts 0.15 ndi gawo laling'ono la watt imodzi.

Mankhwala ake ali m'masamu momwemo, kufupikitsa ndi kunenepetsa. Sendezani inverter ikhale mita imodzi kuchoka pa batire, ikani waya wa 10mm². R ikhala 0.0175 × 2 ÷ 10, ma ohms 0.0035, ma volts otayika sakwana 0.1, kutentha ma watts 2. Mtunda wautali uyendedwe ndi waya wa mbali ya 230. Ine ndikamaona sola ya munthu, ndimayamba ndi mawaya a pa batire ndisanafunse za mapanelo, chifukwa mabatire ambiri amene amanenedwa kuti ndi achinyengo vuto lawo limakhala pamenepa.

Chimodzimodzi ndi mfundo zomasuka. Waya wongopotokoledwa pa mutu wa batire, wachita dzimbiri lobiriwira, akhoza kuonjeza ma ohms 0.05. Pa ma amps 25, I × I × R ndi 625 × 0.05, ma watts 31 pa kamalo kochepa ngati chikhadabo. Kuti mupeze mfundo yoipa, katundu ali choyaka ikani multimeter pa ma volts a DC, nsonga ina pa mutu wa batire weniweniwo, ina pa kopa wa waya pafupi pomwepo. Mfundo yabwino imaonetsa pafupifupi ziro. Mukaona theka la volt kapena kuposa, masulani, palani mpaka pawale, ikani lug, kachitsulo ka bowo komangira ku mapeto a waya, ndi bawuti. Ndipo pafupi ndi mutu wa positive pakhale fyuzi, chifukwa batire ikachita shoti imatulutsa ma amps mazanamazana.

Kuti batire itenga maola angati, chulukitsani ma Ah olembedwa pa batireyo ndi ma volts. Ya 100Ah ndi 100 × 12, ma watt-hour 1200, kutanthauza ma watts 1200 kwa ola limodzi. Ya asidi kapena ya gel musaikhuthule kupyola theka ngati mukufuna ikhalitse, ndiye muli ndi 600. Katundu wa ma watts 300 uja amaliza zimenezo m'maola osakwana awiri.

Kusankha resistor ya LED

Kwa okonza mawailesi ndi ana a sukulu opanga zinthu zawo, nachi chitsanzo chimene mizere yonse iwiri imagwirira limodzi. LED yaing'ono yofiira imafuna ma volts pafupifupi 2 ndi current ya 20mA. Pa batire ya 12, resistor, kachipangizo kochepetsa current, iyenera kutenga ma volts 10 otsalawo. R = 10 ÷ 0.02, ma ohms 500. M'sitolo mupeza ya 560, ya mizere yobiriwira, yabuluu ndi yabulawuni, ndipo imeneyo ndi yabwino. Musaimire pomwepo, onaninso ma watts. Batire ikamatchajidwa pa 14.4, resistor itenga 12.4, current ikhala 12.4 ÷ 560, pafupifupi 0.022 A, ndipo mphamvu ndi 12.4 × 0.022, ma watts 0.27. Resistor wamba ndi ya kota ya watt, 0.25, ndiye idzada n'kupsa pakapita nthawi. Gulani ya theka la watt.

Zipangizo za mota

Pa hotplate, ketulo, ayironi, geyser ndi chilichonse cha DC, P = V × I imapereka ma watts enieni. Pa firiji, pampu ya madzi, fani ndi makina owotcherera, kuchulukitsako kumapereka nambala yotchedwa VA, imene imakhala yokulirapo kuposa ma watts amene mita ya mayunitsi ikuwerenga. Nambala imene mumachulukitsa ndi VA kuti mupeze ma watts imatchedwa power factor. Mota yokoka ma amps 5 pa 230 ndi 1150VA, ndipo power factor ikakhala 0.8, ma watts ndi 920. Posankha waya, fyuzi, jenereta kapena inverter tsatani ma amps ndi VA. Powerengera mayunitsi tsatani ma watts. V ÷ I pa mota siikupatsani resistance ya mawaya ake, ndiye musaifanizire ndi zimene multimeter ingaonetse. Komanso mota ikamadzuka imakoka kangapo kuposa pamene yakhazikika, n'chifukwa chake firiji ya ma watts 150 imagwetsa inverter ya 300.

Kupima element yokayikitsa

Ketulo kapena hotplate ikasiya kutentha, masamuwa amakuuzani nambala yoti muyembekezere musanatsegule. Tengani 230 × 230, amene ndi 52900, mugawe ndi ma watts olembedwa. Ya 1000W ikhale pafupi ndi ma ohms 53, ya 1500W pa 35, ya 2200W pa 24.

Zulani pulagi pa khoma, osangozimitsa switch, chifukwa ma ohms sayezedwa pa chinthu chimene chili ndi moto. Ikani multimeter pa Ω, pa 200, gundanitsani nsonga ziwirizo muone kuti ikuonetsa pafupi ndi ziro, kenaka masulani waya mmodzi wa element n'kuyeza pa miyendo yake iwiri. Nambala ikayandikira imene munawerengera, element ndi yamoyo ndipo vuto lili pa fyuzi, chingwe, switch kapena thermostat. Mita ikaonetsa OL kapena 1 yekha kumanzere, kutanthauza kuti magetsi sakudutsa, waya wa mkati waduka. Pomaliza kwezani mita pa mlingo waukulu wa ma ohms, yezani pakati pa mwendo umodzi ndi chitsulo chakunja. Apa mukufuna OL. Pakatuluka nambala ina iliyonse, magetsi akudonthera ku thupi la chipangizo, ndipo element imeneyo ichotsedwe ngakhale ikutenthabe.

Njira imeneyi siigwira pa babu zakale za kawaya kowala. Ya 100W ikamayaka ili ndi ma ohms 529, koma mukaiyeza itazizira mupeza 40 kapena kucheperapo, chifukwa kawayako ndi ka chitsulo cha tungsten, chimene resistance yake imakwera kakhumi ndi kuposa chikatentha. Pa mababu a LED ndi ma tchaja mkati muli tizipangizo tambiri, ndiye nambala ya ma ohms pa miyendo yake sikuuzani kanthu. Zimenezo ziyezeni zili zoyaka, ndi ma volts ndi ma amps.